Sikopu za pamfuti za nkhondo zakale: olijino, kope ndi feki



Chaka ndi chaka ku Camp Perry, m'chigawo cha Ohio ku America, kumasonkhana anthu ochita mipikisano yoombera chandamale. Malowa ali m'mbali mwa nyanja ya Erie, ndipo mipikisano yaikulu ya dzikolo inayamba kuchitikira kumeneko mu 1907. Pa mipikisano yonseyo pali umodzi, umene bungwe la Civilian Marksmanship Program linaukhazikitsa mu 2011, womwe wandichititsa kulemba nkhani ino. Anthu amapikisana awiriawiri. Wina akamaombera, mnzake amayang'ana pomwe chipolopolo chagwera ndi kumuuza mmene mphepo ikuyendera, kenaka n'kusinthana. Amaombera pa mtunda wa mayadi 300 ndi mayadi 600. Mayadi 600 ndi pafupifupi mamita 550, tingoti mabwalo a mpira asanu ondondozana. Chandamale chimaonekera masekondi 20 okha n'kubisidwanso.

Pachiyambi, lamulo lake lalikulu linali lakuti mfuti ikhale ya mtundu umene asilikali ankagwiritsa ntchito mu 1953 kapena m'mbuyo mwake, ndipo kagalasi koonera patali kamene kamamangidwa pamwamba pa mfutiyo kakhalenso ka mtundu wa nthawi imeneyo, kosakuza chinthu kupitirira ka 8. Kagalasi kameneka eni ake amakatcha sikopu, ndipo nanenso ndizitero. Koma lamulolo limalola kuti sikopuyo ikhale kope chabe. Choncho mupeza munthu wagona chafufumimba pa kapinga, wagwira mfuti ya 1943, pamwamba pake pali sikopu yooneka ngati ya 1943, chikhalirecho inatuluka m'fakitale ya ku China dzanadzanali.

Wina afunsa kuti, aphunzitsi, ife zikutikhudza pati, popeza kwathu kuno mfuti si choseweretsa ndipo munthu wamba sangaisunge popanda chilolezo? Zoona, masewerawa si athu. Koma funso limene lili m'kati mwake ndi lomwe lija timayamba nalo phunziro la History ku Fomu 1: umboni n'chiyani? Chinthu chopangidwa lero mofanizira chakale chingatiuze chiyani za kale, ndipo chimayamba kunama pati?

Tiyambe ndi sikopuyo

Mfuti wamba ili ndi kachitsulo kumphuno kwake ndi kamphako chakumbuyo. Woombera ayenera kulunjikitsa zinthu zitatu: kamphako, kachitsulo ndi chandamale. Vuto n'lakuti diso la munthu silingaone bwino chinthu chapafupi ndi chakutali nthawi imodzi. Sikopu imathetsa vutoli poika timizere topingasana pamalo omwewo pomwe chithunzi cha chandamale chimapangika m'kati mwa mpope wake, kotero diso limaona zonse ziwiri mosavuta.

Nzeru imeneyi sinayambire kunkhondo. Cha m'ma 1640, Mngelezi wina wophunzira za nyenyezi, William Gascoigne, anapeza kuti kangaude waluka ulusi m'kati mwa telesikopu yake, ndipo ulusiwo unkaoneka bwinobwino pamodzi ndi chimene iye ankayang'ana kumwamba. Apa m'pamene anazindikira kuti telesikopu ingathe kuloza malo enieni. Mwini wakeyo anafera pa nkhondo ya Marston Moor mu 1644, ali ndi zaka za m'ma 30. Kwa zaka zambiri pambuyo pake ulusi wa kangaude ndiwo unkaikidwa m'zipangizo zoyezera malo ndi zoonera nyenyezi. (Paja ifenso magalasi tili nawo m'mbiri yathu. Dzina la Mandala ku Blantyre linachokera ku magalasi a m'maso a John Moir wa kampani ya African Lakes.)

Pamfuti, sikopu inakhazikika ku America m'zaka za m'ma 1800. William Malcolm wa ku Syracuse, New York, anayamba kupanga zake mu 1855. Zinali mipope yopyapyala, yotalika pafupifupi ngati mpope wa mfuti yomwe. Pa nkhondo yapachiweniweni ya ku America, 1861 mpaka 1865, mbali zonse ziwiri zinali ndi akatswiri oombera patali, ndipo a kumwera anali ndi mfuti zochepa za Whitworth zochokera ku Britain, zina zili ndi sikopu cham'mbali. Pa 9 May 1864 ku Spotsylvania, mkulu wa asilikali a kumpoto John Sedgwick anadzudzula anyamata ake chifukwa chozinda zipolopolo, n'kuwauza kuti pa mtunda umenewo adaniwo sangalase ndi njovu yomwe. Pasanapite nthawi chipolopolo chinamupeza m'munsi mwa diso lakumanzere, nafera pomwepo.

Nkhondo ya m'ngalande

Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itayamba mu 1914, Germany ndiyo inali patsogolo pa ntchito ya magalasi. Inali ndi makampani monga Zeiss ku Jena, Goerz ndi Voigtländer, komanso alenje ambiri a m'nkhalango za kumeneko anali kale ndi mfuti za sikopu. Asilikali atakumba ngalande ku France n'kumayang'anizana miyezi ndi miyezi, Mngelezi wongosuzumira pang'ono ankalasidwa m'mutu. Msilikali woombera mobisala chotere ndi amene m'mafilimu timamutcha sniper.

Angelezi anachita kuthamangira m'mbuyo. Hesketh Hesketh-Prichard, amene kale anali mlenje wa nyama zikuluzikulu ndiponso wosewera kiriketi, anayendera magulu a asilikali napeza kuti sikopu zambiri zimene anapatsidwa sizinatchunidwe: timizere tikuloza apa, chipolopolo chikupita apo, ndipo asilikaliwo sanaphunzitsidwe kukonza. Mu 1916 anatsegula sukulu ya ma sniper ku Linghem. Vuto lina linali loti sikopu zambiri za Angelezi zinkamangidwa chakumanzere kwa mfuti, osati pamwamba penipeni, pofuna kusiya mpata wolowetsera zipolopolo zisanu nthawi imodzi. Woombera ankachita kuchotsa tsaya pa thako la mfuti kuti aone.

Kwathu kuno nkhondo yomweyo inali ina. Kunali kumenyana ku Karonga mu September 1914, kenaka maulendo aataliatali a asilikali a KAR ndi amtengatenga. Chida chimene chinatsala m'makutu mwa makolo athu si sikopu ayi, koma chiwaya, mpaka nkhondo yonseyo inatchedwa ya Chiwaya.

Mayiko anayi, mayankho anayi

Sikopu zimene anthu amasirira ndi kukopera kwambiri lero ndi za nkhondo yachiwiri, 1939 mpaka 1945. Chimene chimandisangalatsa ine n'chakuti mukaziika pamodzi mumaona khalidwe ndi mavuto a dziko lililonse.

Angelezi anatenga sikopu yotchedwa No. 32, imene poyamba inakonzedwera mfuti ya chiwaya ya Bren. N'chifukwa chake ndi yolemera ndi yolimba ngati mpini wa nkhwangwa. Imakuza pafupifupi ka 3.5 ndipo ili ndi manambala ofika mayadi 1,000. Anaiika pa mfuti ya Lee-Enfield No. 4, ya zipolopolo za .303, ya banja lomwelo la mfuti zimene agogo athu a KAR ananyamula ku Abyssinia ndi ku Burma. Koma si mfuti iliyonse imene inkalandira sikopu. Ku fakitale ankayesa mfuti, ndipo imene yaonetsa kulasa bwino kuposa zinzake ankaidinda zilembo TR n'kuipatula. Kuyambira 1942 zopatulidwazo zinkatumizidwa kwa Holland & Holland ku London, kampani yopanga mfuti zodula za alenje olemera. Amisiri a kumeneko ankamanga sikopu iliyonse pa mfuti yakeyake ndi manja, kuonjezera kathabwa kotsamiritsa tsaya, ndi kudinda nambala ya sikopuyo pa thabwa la mfuti, kuseri kwa pogwirira. Kuyambira pamenepo ziwirizo zinali ngati banja lomangitsa ukwati: sikopu ya mfuti ina siyenera kupita pa inzake. Anakonza mfuti zoposa 20,000 motere, ndipo dzina lake lonse ndi No. 4 Mk I (T). Sikopu zake zinkapangidwa ndi makampani angapo, kuphatikizapo Kodak ya ku Britain ndi Kershaw ya ku Leeds. Kulimba kwake muone apa: mu 1970 zina mwa mfutizi zinasinthidwa kuti zizilandira zipolopolo za 7.62, zinapatsidwa dzina loti L42A1, ndipo mu 1982 zinakamenya nkhondo ku Falklands zili ndi sikopu zomwe zija za nthawi ya Churchill, zitangokonzedwanso.

A Soviet Union anaganiza mosiyana. Iwo ankafuna zambiri, msanga, zotchipa. Sikopu zawo zoyamba, PE ndi PEM, zinali zazikulu ndi zovuta kupanga. Mu 1940 anatulutsa PU, kanthu kakafupi, kosakwana masentimita 17, kolemera pafupifupi magalamu 270, kokuza ka 3.5. Kanakonzedwera mfuti ya SVT-40, koma mu 1942 anakasamutsira pa mfuti yakale ya Mosin-Nagant, yopangidwa ku Izhevsk ndi ku Tula. Chogwirira chokokera zipolopolo anachipinda kuti chisamagunde sikopu. Sikopuyo imakhala pamwamba kwambiri moti woombera amatsamiritsa chibwano m'malo mwa tsaya, koma ubwino wake zoyang'anira zachitsulo zija zimaonekabe pansi pake, galasi likasweka munthu sasowa pogwira. Ukapotokola kabatani kotchunira, timizere tomwe timayenda m'kati mwa chithunzi, mwina mpaka kukathera chakumbali. PU inapangidwa miyandamiyanda ku mafakitale monga a ku Krasnogorsk ndi Yoshkar-Ola.

Mayina a Vasily Zaytsev wa ku Stalingrad ndi Lyudmila Pavlichenko mwina munawamva. Mabuku amati Zaytsev anapha adani 225 pa nkhondo ya mumzindawo, ndipo Pavlichenko 309. Ana anga a Fomu 4 amakonda manambala amenewa, koma ndimawakumbutsa kuti anawerenga ndi boma limene linali pankhondo ndipo linkafuna ngwazi zolimbikitsa anthu. Pavlichenko anatumizidwa ku America mu 1942 kukakopa anthu a kumeneko kuti athandize nkhondoyo. Ndimawakumbutsanso kuti nambala iliyonse pamenepo ndi mwana wa munthu.

Amereka analowa nkhondo mu December 1941 alibe mfuti ya sniper yokhazikika. Anachita zothamanga. Kampani ya Remington inatenga mfuti ya Springfield, n'kuikapo sikopu ya alenje wamba ya Weaver 330 yochokera ku El Paso, Texas, imene asilikali anaitcha M73B1. Mfutiyo ndiyo M1903A4, ndipo anapanga pafupifupi 28,000 kuyambira 1943. Sikopu yake inali yopyapyala, yokuza pafupifupi ka 2.5, ndipo chinyezi chinkalowa. Ku zilumba za Pacific inkachita nthunzi m'kati. Choipa kwambiri, mfutiyi analibe kuiikira zoyang'anira zachitsulo, ndiye sikopu ikachita khungu, msilikali watsala ndi chibonga. Amene anamva agogo akusimba za mvula ya ku chigwa cha Kabaw ku Burma mu 1944 adziwa kuti chinyezi cha nkhalango za ku Asia si chamasewera.

Asilikali a m'madzi a ku America, a Marines, anasankha njira yawoyawo. Anatenga sikopu ya mpikisano ya Unertl, yokuza ka 8, yotalika pafupifupi masentimita 60. Yomweyi ndi yodabwitsa: siyomangidwa nganganga, imatsetsereka m'mphete zake mfuti ikakankha, ndipo woombera amaikokera m'malo mwake ndi dzanja asanaombere kachiwiri. John Unertl amene ankazipanga ku Pittsburgh anachokera ku Germany. Sikopu za mtundu umenewu zinagwirabe ntchito mpaka ku Vietnam, m'manja mwa anthu monga Carlos Hathcock.

Za Germany ndingonena mwachidule. Anali ndi sikopu zabwino zokuza ka 4, monga Zielvier ya Zeiss, koma imene anapanga yochuluka kwambiri ndi ZF41, kanthu kokuza ka 1.5 kokha, koikidwa kutali ndi diso, komwe ma sniper enieni sankakakonda.

Ndisaiwale munthu mmodzi amene amasokoneza nkhani yonseyi. Simo Häyhä wa ku Finland, pa nkhondo ya m'nyengo yozizira ya 1939 mpaka 1940, amawerengedwa kuti anapha asilikali a Soviet oposa 500, ndipo sankagwiritsa ntchito sikopu. Zifukwa zake zinali zomveka: m'chisanu choopsacho galasi limachita nthunzi, limanyezimira padzuwa n'kukuulula, ndipo limakukakamiza kudzutsa mutu.

Makope anabwera bwanji

Nkhondo itatha zambiri mwa sikopuzi zinaphwanyidwa, zinatayika, kapena zinagulitsidwa padera, mfuti uku sikopu uko. Zotsalazo zinakalamba: guluu womata magalasi anachita chikasu, nkhungu inamera m'kati, timizere tinaduka. Kenaka kunabwera mafilimu. Saving Private Ryan ya 1998 ndi Enemy at the Gates ya 2001 zinadzutsa chilakolako mwa anthu ambiri chofuna kukhala ndi mfuti ngati ya m'filimu. Ofuna anachuluka, katundu ndi wochepa, mitengo inakwera. Aphunzitsi a Business Studies atha kumaliza okha chiganizochi.

Ndiponso munthu amene ali ndi Unertl yeniyeni ya 1943 safuna kuigwedeza ndi zipolopolo mazanamazana pa mpikisano. Ikasweka palibe sitolo yokagulako ina. Apa m'pamene makampani anaona msika. Hi-Lux ya ku California, yomwe katundu wake amapangidwira ku China, inaukitsa dzina la Wm. Malcolm n'kuyamba kupanga makope a mipope italiitali ija ya m'ma 1800, a sikopu ya M1903A4, ndi a sikopu ya Marines yokuza ka 8. Montana Vintage Arms imapanga za mtundu wakale kwawo ku Montana konko. Makope a PU amachokera ku Russia, Ukraine ndi China, ndipo a No. 32 amapangidwa ku Asia. Mpikisano wa ku Camp Perry uja utalola makope, munthu wa ndalama zochepa anapeza khomo lolowera.

Chimene kope limaphunzitsa, ndi pamene limanama

Ine sindili m'gulu la onyoza makope. Ku myuziyamu ya ku Karonga kuli chigoba cha Malawisaurus chimene ana a sukulu amaima pansi pake kukamwa kuli yasa. Chigoba choimikidwacho ndi chofanizira, choumbidwa potengera mafupa enieni amene anafukulidwa m'boma lomwelo. Palibe amene amanamizidwa, ndipo mwana amatulukamo akudziwa kukula kwa chinyamacho kuposa mmene buku likanamuuzira. Kope labwino la sikopu limagwira ntchito yomweyo.

Munthu amene waomberapo ndi kope la PU amadziwa ndi khosi lake chimene kutsamiritsa chibwano kumatanthauza. Amadziwa kuti pa mamita 550, ndi galasi lokuza ka 3.5, munthu amaoneka kanthu kakang'ono kamene kamzere ka pakati kangathe kukaphimba. Amene wagwirapo kope la Unertl amadziwa kuti ukaiwala kuikokera m'mbuyo, diso silipezanso chithunzi bwino, ndipo masekondi 20 aja atha. Amadziwanso kuseka malo ena a m'mafilimu. Mu Saving Private Ryan muli sniper amene amachotsa sikopu ina n'kuikapo ina nkhondo ili m'kati, n'kulasa bwinobwino. Zoona zake n'zakuti sikopu ikasinthidwa pafunika kuombera zipolopolo zingapo zoyesera ndi kutchuna kaye, ntchito yomwe ija Hesketh-Prichard ankaphunzitsa mu 1916. Zinthu zoterezi sizilembedwa kawirikawiri m'malipoti a akuluakulu a nkhondo. Zimadziwika ndi thupi.

Koma kope limanama m'njira imodzi yaikulu, ndipo limanama chifukwa chofuna kukondweretsa wogula: limaona bwino kuposa lenileni. Aphunzitsi a Physics andithandize apa. Kuwala kukafika pa nkhope ya galasi losapakidwa kanthu, pafupifupi magawo 4 pa 100 amabwerera m'mbuyo. Galasi lililonse lili ndi nkhope ziwiri. Tiyerekeze kuti m'sikopu muli nkhope 10 zotere. Chulukitsani 0.96 kakhumi, mupeza pafupifupi 0.66. Ndiye kuti gawo limodzi mwa magawo atatu a kuwala latayika, ndipo lina mwa lotayikalo limangozungulira mumpope n'kuchititsa chithunzi kuoneka mbuu. Njira yopaka magalasi kuti kuwala kusabwerere inatulukiridwa ndi Alexander Smakula ku Zeiss mu 1935, ndipo Germany inaibisa ngati chinsinsi cha nkhondo. Angelezi anayamba kupaka magalasi a No. 32 chakumapeto kwa nkhondo, ndipo zoterozo ankazilemba chilembo B, pamene zotsekedwa kuti madzi asalowe ankazilemba W. Kudzaza sikopu ndi mpweya wa nayitirojeni kuti isachite nthunzi kunayamba nkhondo itatha, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940.

Makope ambiri a lero ali ndi magalasi opakidwa kangapo, ndipo ena ndi odzazidwa nayitirojeni. Kunja 1943, m'kati lero. Wogula amasangalala, ndipo sindimuda. Koma akadzuka pa kapinga paja n'kunena kuti tsopano ndadziwa chimene msilikali wa ku Pacific ankaona, walakwa. Msilikali uja ankaona mdima madzulo asanafike, ankaona nthunzi m'mamawa, ndipo chandamale chake chinkabwezera moto. Chodabwitsa china n'chakuti pa zitsulo zinthu zimatembenuka: oombera ambiri amadandaula kuti tizomangira ndi mphete za makope otchipa n'zofewa, zimamasuka, pamene zakale zija zinali zachitsulo chenicheni. Ndiye kope limaposa lenileni pa galasi n'kuchepera pa chitsulo. Mbali zonse ziwiri silikunena zoona zenizeni.

Pamene kope lisanduka feki

Mpaka apa palibe mlandu. Mlandu umayamba kope likavala zilembo za lenileni ndipo wogulitsa n'kukhala chete. Tonse tikudziwa za foni ndi nsapato za mumsika zolembedwa dzina la kampani yotchuka. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Chitsanzo chachikulu ndi Mosin-Nagant. Nkhondo itatha, a Soviet anachotsa sikopu pa mfuti zambiri za ma sniper, natseka mabowo a zomangira, nabwezeretsa chogwirira choongoka, n'kuzisunga m'nkhokwe ngati mfuti wamba. Soviet Union itagwa mu 1991, mfuti za m'nkhokwezo zinayamba kugulitsidwa ku America ndi ku Ulaya mwaunyinji, motchipa. Amalonda anaona mwayi. Ena anatsegulanso mabowo otsekedwa aja n'kuikapo kope la PU. Ena anangotenga mfuti wamba imene sinakhalepo ya sniper, kuboola, kupinda chogwirira, kumangapo kope. Choncho pamsika pali mitundu yosachepera inayi: mfuti yeniyeni ndi sikopu yake yeniyeni, mfuti yeniyeni ndi sikopu yakale koma ya mfuti ina, mfuti imene inalidi ya sniper koma yavala kope, ndi mfuti wamba yovekedwa zonse. Pa chithunzi zonsezi zimaoneka chimodzimodzi. Mitengo yake ndi yotalikirana kwambiri.

Osonkhanitsa zinthu zakale amene ali akhama amagwira ntchito yomwe ija timaphunzitsa ana pofufuza gwero la umboni: ndani anapanga, liti, kuti, ndipo zizindikiro zikugwirizana? Kuona maso a nkhono n'kudekha. Pa Mosin ya ku Izhevsk amayang'ana nambala ya sikopu yodindidwa kumanzere kwa tsinde la mpope, ndipo amasuzumira m'kati kuona zipsera za mabowo otsekedwa. Pa M1903A4 pali kachinsinsi kokoma. Remington sinalembe A4 pa mfutizi, inalemba 03-A3 ngati mfuti wamba, koma inasuntha zolembazo kuziika m'mbali kuti chomangira sikopu chisaziphimbe. Ndiye ukaona zolemba zabisika pansi pa chomangira, dziwa kuti imeneyo inali mfuti wamba imene wina anaiboola pambuyo pake. Pa Lee-Enfield amafuna TR uja, chilembo T m'mbali, chidindo cha S51 chimene chinali chizindikiro cha Holland & Holland m'nthawi ya nkhondo, ndi nambala ya pathabwa yofanana ndi ya pasikopu. Tsoka lake, zitsulo zodindira zilembo ndi manambala zimapezeka m'hadiweya iliyonse, ndipo mabuku amene amaphunzitsa wogula zoyenera kuyang'ana ndi omwewo amene wachinyengo amawerenga.

Amene amataya ndalama ndi wogula, koma amene ndikumudandaula ine ndi wolemba mbiri. Mfuti yaikulu ija ili pafupi ndi nsanja ya wotchi ku Mangochi ndi ya sitima ya Guendolen, imene pa 13 August 1914 inaombera sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann ku Sphinxhaven, komwe lero ndi Liuli. Mtengo wake wonse uli poti ndi yomweyo. Itapezeka kuti inasulidwa chaka chatha, ikanakhalabe yothandiza kuonetsa ana mmene mfuti zotere zinkaonekera, koma sitikanathanso kufunsa chitsulo chake funso lililonse la 1914. N'chimodzimodzi ndi sikopu. Munthu wofufuza mmene fakitale ya ku Yoshkar-Ola inkagwirira ntchito mu 1943, kuti inkapanga zingati, inasintha liti kapangidwe, inkasowa chitsulo chanji, amadalira manambala ndi zizindikiro za pa sikopu zotsala. Feki iliyonse yolowa m'kaundula wake imapotoza yankho.

N'chifukwa chake pakati pa opanga makope ine ndimalemekeza amene amalemba dzina lawo ndi dziko lawo pa chitsulo penipeni, osati pa katoni kapena pa kapepala komata. Hi-Lux, mwachitsanzo, imatcha makope ake mayina osiyana pang'ono ndi akale, monga M73G4, ndipo munthu wodziwa sangasokonezeke. Amene amakopera mpaka chizindikiro cha fakitale ya Soviet, chaka cha 1943 ndi nambala yongopeka, amati akufuna kuti chioneke chenicheni. Mwina wogula woyamba amadziwadi chimene wagula. Koma taonani masamu awa. Pamene Enemy at the Gates inkatuluka mu 2001, PU ya 1943 inali ndi zaka 58. Kope lopangidwa mu 2012 lidzakwanitsa zaka 58 mu 2070. Pofika nthawi imeneyo utoto wake udzakhala utasupuka m'makona chifukwa chogwiridwa, dzimbiri lake lidzakhala lenileni, magalasi adzakhala ndi nkhungu yawoyawo. Katoni idzakhala itatayidwa kalekale, lisiti litasowa, wogula woyamba ali kumanda, ndipo mdzukulu wogulitsa katundu wa malemu adzangowerenga chaka chimene chalembedwa pa chitsulopo.